KODI KAMUZU PALACE NDI NYUMBA YA MFUMU ITI?

 Lero ndalemba zazitali, ndiye amene bandulo yake ndi yoperewera andikhululukire. Za mitengo ya soya tidzakamba sabata yamawa. Lero ndili ndi nkhani ya dzina la nyumba.

Sabata yatha ndinapita ku Lilongwe ndi timatumba tanga ta mtedza. Nditamaliza za msika ku Old Town ndinakwera minibasi kukagona kwa mwana wanga woyamba uja, amene amasamala maluwa panyumba ina ku Area 10 koma iye amakhala ku Kauma. Madzulo titadya nsima, mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 6 anandifunsa funso. Akuti, "Agogo, Kamuzu anali mfumu ya Achewa onse eti?" Ine ndinati, "Wakuuza ndani zimenezo?" Iye akuti palibe wamuuza, wangoganiza yekha. Pa wailesi amamva akunena kuti nyumba yachifumu ya Kamuzu, ndipo aphunzitsi anawauza kuti palace ndi nyumba ya mfumu. Ndiye ngati nyumbayo ndi Kamuzu Palace, basi mwini wake anali mfumu.

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. Mwanayo sanalakwe, anangowerengera bwino zimene akuluakulu tamupatsa. Ndinamufunsa kuti nanga mfumu yaikulu ya Achewa amaitchula ndani, ndipo imakhala kuti? Anangoti chete. Ndinatembenukira kwa bambo ake, munthu wobadwira kuno kumudzi, wometa bwinobwino. Dzina la Gawa Undi analidziwa. Nditamufunsa za Mankhamba, anandifunsa ngati ndi dzina la mbewu yatsopano ya chimanga. Abale, usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Tiyambe ndi nyumbayo. Ili ku Area 44, kumapeto kwa msewu waukulu wochokera ku City Centre. Ambirife sitinalowemo, timangoona mpanda ndi asilikali, n'chifukwa chake anthu amangoti "kumpanda". Anaimangitsa ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo ntchito yake inatenga zaka zambiri. Nyuzipepala zakhala zikulemba kuti ili ndi zipinda 300 ndipo inadya ndalama zokwana madola 100 miliyoni a ku America. Mwini wakeyo sanakhalitsemo, chifukwa mu 1993 kunabwera riferendamu ndipo mu 1994 anagonja pa chisankho. Nthawi imeneyo nyumbayi sinkatchedwa Kamuzu Palace ayi. Inkatchedwa New State House, kutanthauza nyumba ya boma yatsopano, poisiyanitsa ndi yakale ija ya ku Zomba imene ankakhalamo abwanamkubwa a Atsamunda.

A Bakili Muluzi atalowa anakana kukhalamo, ati ndi yowonongetsa chuma dziko lili losauka. Anaipereka kwa aphungu, ndipo kwa zaka zingapo anthu ankaidziwa ngati nyumba ya malamulo. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika anati ayi, iyi inamangidwa kuti mukhale pulezidenti, ndipo anasamukiramo. Amene munali ndi wailesi mu 2005 mukukumbukira mphekesera ija yoti m'nyumbamo mukuyenda mizukwa. A Bingu anaikana, ndipo atolankhani ena anagona m'chitokosi chifukwa cha nkhani yomweyo. Aphungu anadzapeza nyumba yawoyawo mu 2010, ija inamangidwa ndi dziko la China pafupi ndi City Centre. A Bingu anadwalira mwadzidzidzi m'nyumba yomweyi mu Epulo 2012. Dzina loti Kamuzu Palace linabwera nthawi ya Mayi Joyce Banda, Kamuzuyo atagona kale m'manda, paja anamwalira mu Novembala 1997.

Ndiye taonani. Nyumba imodzi, ine ndikuona ndi maso angawa, yakhala New State House, yakhala ya aphungu, yabwerera kwa pulezidenti, kenako yakhala Kamuzu Palace. Makoma ndi omwewo. Chimene chimasintha ndi amene wagwira makiyi.

Si nyumba yokhayi. Mukukumbuka kuti itatha 1994 dzina la Kamuzu linachotsedwa malo ambiri? Bwalo la ndege la ku Lumbadzi linakhala Lilongwe International Airport, chipatala chachikulu chinakhala Lilongwe Central, bwalo la mpira la ku Blantyre linakhala Chichiri Stadium. A Bingu atalowa anabwezeretsa maina aja. Ngakhale mbendera yeniyeniyo inasinthidwa mu 2010, n'kubwezeretsedwa mu 2012. Ulendo uliwonse zikwangwani zimapentedwanso, mapepala a m'maofesi amadindidwanso, ndipo ndalama zake ndi zomwe zija amatidula tikagula sopo ndi shuga pa golosale.

Tsono mverani maganizo anga. Ine ndikuti nyumba ya mtsogoleri isamatchedwe dzina la munthu. Izitchedwa dzina la malo pamene yakhala. Ndipo izi sindinazitenge m'buku la azungu, ndazitenga pa mwambo wathu womwewu.

Kwathu kuno mfumu ikamwalira, mbumba imakhala pansi n'kusankha wina, kawirikawiri mwana wa mlongo wake. Tsiku lomulonga timati walowa dzina. Dzina lake lobadwa nalo limatsala kwa amake, iye amatenga dzina la ufumu. A Chadza alipo lero, analipo nthawi ya agogo athu, adzakhalapo ife titapita. Chimodzimodzi a Kalumbu, a Mazengera, a Tsabango, a Chitukula, a Njewa. Munthu ndi amene amalowa m'dzina. Dzinalo silisintha chifukwa kwabwera munthu wina. Inu munamvapo mfumu yongolongedwa kumene ikunena kuti kuyambira lero mudzi uno muziutchula dzina langa la ubatizo? Ntchembere zikhoza kumuvula chilemba tsiku lomwelo.

Taonani dzina la mfumu yathu yaikulu, Kalonga Gawa Undi. Akuluakulu amalimasulira chonchi. Kalonga ndi wolonga mafumu anzake. Gawa ndi wogawa malo. Undi ndi wofungatira anthu ake ngati mmene nkhuku imachitira ndi anapiye. Maina atatu onsewo akunena ntchito, palibe limene likunena munthu mmodzi. Likulu lake lili ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakakumana pa mwambo wa Kulamba chakumapeto kwa Ogasiti chaka ndi chaka. Amene anapitako andivomereza kuti palibe amene amatchula malo aja ndi dzina lobadwa nalo la mfumu imene ili pampando. Timangoti tikupita ku Mkaika.

Ndipo Mkaika si chiyambi. Likulu lakale la a Kalonga, nthawi ya ufumu wa Maravi, linali kuno ku Malawi, ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Kumeneko ndiye kunali nyumba yachifumu yeniyeni, zaka mazana anayi kapena asanu zapitazo, mzungu asanamange boma ngakhale limodzi m'dziko muno. Katswiri wina wa mbiri yakale, a Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo n'kupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ndiye kuti makolo athu ankachita malonda ndi anthu a kutali kwambiri, kudzera kunyanja yaikulu ya mchere. A Kalonga angapo anakhala pamenepo motsatana, dzina la malo n'kukhala lomwelo. Dzina la dziko lathu lino, Malawi, linachokera ku ufumu umenewu, ndipo ambiri amalimasulira kuti malawi a moto. Koma lero mwana wa Mchewa akudziwa Area 44, Mankhamba sakuidziwa. Minibasi za ku Salima ndi ku Balaka zimadutsa pa Mtakataka tsiku ndi tsiku, anthu ali pa foni.

Nanga Msinja? Ameneyo ndiye ali m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, chakufupi ndi Dzalanyama. Kumeneko kunali kachisi wamkulu wa mvula, ndipo woyang'anira wake anali Makewana. Dzinalo likudzimasulira lokha, make wa ana, mayi wa anthu onse. Limenelonso ndi dzina lolowa. Mayi mmodzi akapita, wina ankalowa, dzina n'kukhala Makewana.

Ndikudziwa kuti pofika pano ena magazi akwera kale. Nkhaniyi ndinaiyamba pa bawo Lamlungu, ndipo alamu anga ena, a Kongeresi enieni a tambala wakuda, anatsala pang'ono kugubuduza bawo. Akuti, "Alamu, inu mulibe kuthokoza. Lilongwe yense uja anali thengo. Anasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975 ndani? Capital Hill anamanga ndani? Nyumba imene mukuinenayo anamanga ndani? Munthu asatchulidwe pa nyumba yomanga yekha?"

Ndinawayankha, ndipo ndibwereza pano kuti nonse mumve. Zoti Kamuzu anagwira ntchito sindikutsutsa. Ine ndinakula nthawi yake, ndinaona alangizi akuyenda m'minda, ndinaona feteleza akugulika. Likulu analibweretsa pakati pa dziko, ndipo ife alimi a kuno tinapeza msika pafupi. Wofuna kumulemekeza ali ndi poyambira pambiri. Chipatala chachikulu ndi Kamuzu, bwalo la ndege ndi Kamuzu, madamu a ku Malingunde ndi Kamuzu, msewu waukulu wodutsa m'tauni ndi Kamuzu Procession Road, manda ake omangidwa bwino ali pafupi ndi nyumba ya malamulo, ndipo pa 14 Meyi timapuma. Munthuyo sanaiwalike ndipo sadzaiwalika.

Koma alamu anga ndinawafunsa funso limene sanaliyankhe. Nanga Kamuzu mwini wakeyo, nyumba zimene ankagonamo ankazitchula chiyani? Ya ku Blantyre ndi Sanjika, dzina la phiri pamene yakhala. Ya ku Mangochi ndi Chikoko Bay, dzina la malo a kunyanja. Ya ku Area 3 ndi Mtunthama, dzina la dera la kwawo ku Kasungu. Yake ya ku Kasungu ndi Nguru ya Nawambe. Munthu amene dzina lake linali pa ndalama, pa nsalu za amayi, pa sukulu ndi pa milatho, nyumba zogonamo anazisiyira maina a malo. Ndipo onani zotsatira zake. Sanjika wadutsa maboma onse kuyambira nthawi ya chipani chimodzi mpaka lero, palibe pulezidenti amene anamusintha dzina. Bwanji? Chifukwa phiri lilibe chipani. Palibe amene amakwiya ndi phiri.

Dzina la munthu ndi losiyana. Pamene ena akamva Kamuzu amakumbukira chimanga chodzaza nkhokwe, ena amakumbukira makhadi a chipani pakhomo la msika, abale awo a Mboni za Yehova amene anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Onsewo ndi Amalawi, onsewo amakhoma msonkho umene umalipira magetsi a nyumba ija. Chipatala kapena sukulu ikhoza kutenga dzina la munthu, palibe vuto. Koma nyumba imene mtsogoleri wa tonse amagonamo, imene alendo a maiko ena amafikiramo, iyenera kukhala ndi dzina loti wa ku Nsanje, wa ku Chitipa ndi wa ku Mchinji alitchule mtima uli m'malo.

Palinso mawu awa oti palace, amene pa wailesi amawamasulira kuti nyumba yachifumu. Amenewa ndi amene anasokoneza mdzukulu wanga. Pulezidenti si mfumu, abale. Mfumu imabadwa m'mbumba ndipo imafera pampando. Pulezidenti timamulemba ntchito ndi chala chathu chonyika mu inki, zaka zisanu, akalephera timamuchotsa. M'nyumba muja ndi mlendi, eni nyumba ndi ife. Mu 1971 Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wa moyo wake wonse, ndipo mu 1993 Amalawi anavota kuti zimenezo zithe. Ndiye tikamapitiriza kunena kuti nyumba yachifumu, tikuphunzitsa ana zimene makolo awo anazikana pa voti. Komanso tikumuika maganizo olakwika amene ali m'katimo. Munthu ukamamuuza tsiku ndi tsiku kuti ukugona m'nyumba yachifumu, tsiku lina adzakhulupirira.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi tanthauzo la dzina loti Kamuzu. Ndi kamuzu, muzu waung'ono. Mbiri yake imati mayi ake anavutika kuti aone mwana, ndiye anamwa mankhwala a mizu kwa sing'anga, mwana atabadwa n'kumutcha Kamuzu. Ndi dzina la kumudzi, la mayi wosauka amene ankalira mphatso, ngati mmene timatchulira ana athu Mavuto, Chikondi kapena Tafatatha. Mukaliika pamodzi ndi palace likumveka ngati munthu wovala suti kumtunda, kumunsi ali chosavala nsapato. Ine dzinalo ndimalikonda likakhala pa chipatala, pamene amayi amachirira.

Mwina mufunsa kuti nanga tiitchule chiyani? Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a kumudzi. Malo onse amene pali City Centre, Capital Hill ndi nyumba za mabwana za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 sanali opanda eni. Panali midzi, minda, madambo ndi manda. Boma litayamba kumanga likulu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anthu anasamutsidwa, malo n'kupatsidwa manambala. Manambalawo sayenda n'komwe motsatana, Area 10 yayandikana ndi Area 43, Area 3 yayandikana ndi Area 9, mlendo amangozungulira mutu. Chodabwitsa n'chakuti kumene kumakhala anthu wamba maina alipobe: Kawale, Mchesi, Biwi, Chilinde, Chinsapo, Mtandire, Kauma, Mgona. Kumene kuli mipanda ya njerwa ndi agalu olusa ndi kumene kunatsala manambala okhaokha. Pamene pali nyumba ya pulezidenti paja panalinso dzina lake nyumbayo isanamangidwe, chifukwa kwathu kuno kulibe chulu, dambo kapena kamtsinje kopanda dzina. Mafumu ozungulira mzindawu alipo, nkhalamba zobadwa likulu lisanabwere zilipo ngakhale zikutha. Akafunsidwe adakali moyo.

Zoterezi zinachitikapo kale ndipo zinakoma. Chipatala chija cha ku Old Town tinkachitchula kuti Bottom, dzina lotsala nthawi ya Atsamunda. Lero ndi Bwaila, dzina lakale la dera lomwelo. Munamvapo wina akudandaula? Palibe, ndipo palibe boma limene lidzalimbane nalo, chifukwa Bwaila sanaimepo pa chisankho.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mawa m'mawa boma lisiye zonse likapente zikwangwani, pamene thumba la feteleza lafika pamene lafikapa. Zimene ndikupempha ndi zinayi, ndipo zitatu mwa izo sizifuna ndalama.

Choyamba, aphungu athu akhazikitse lamulo loti maina a nyumba za boma asamasinthidwe ndi munthu mmodzi pa msonkhano wa chipani. Ngati dzina la nyumba ya ku Area 44 lidzasinthidwe, lidzasinthidwe kamodzi kokha komaliza, atafunsidwa eni nthaka, ndipo lidzakhale la malo.

Chachiwiri, inu a pa wailesi, muziti nyumba ya boma. Mawu oti nyumba yachifumu muwasungire ku Mkaika kwa Gawa Undi, kwa Inkosi Gomani ku Ntcheu, kwa Inkosi M'mbelwa ku Mzimba, kwa a Kyungu ku Karonga ndi kwa a Lundu ku Chikwawa.

Chachitatu, inu abale a m'tauni, ana anu akamatseka sukulu musamangowatengera kunyanja kukadya chambo. Mukamadutsa pa Mtakataka imani, muwauze kuti kuno ndiye kunali likulu la a Kalonga. Ngakhale osatsika m'galimoto, dzina lokhalo alimve.

Chachinayi ndi chathu a kumudzi. Tauni ikubwera. Amene mumayenda msewu wa ku Bunda kapena wa ku Mchinji mwaona mmene mapuloti akudyera minda. Tsiku lina dambo lathu lino lidzakhala Area yakutiyakuti, ndipo adzukulu athu adzalitchula ndi nambala. Ndapempha a mfumu kuti tsiku lina tikhale pabwalo ndi agogo athu amene atsala, mwana mmodzi wa sekondale agwire kope, tilembe maina onse: madambo, zitsime, zulu, mitengo ikuluikulu, manda akale, ndi chifukwa chake anatchedwa choncho. A mfumu avomera, akuti tikamaliza kukolola. Kope ndagula kale ine. Amene muli m'tauni ndipo mukukumbukira dzina lina limene ife taiwala, lembani m'munsimu kapena mundiimbire.

Mdzukulu wanga uja ndinamuuza zonsezi mwachidule m'mawa mwake, tikumwa tiyi. Anamvetsera bwino, kenako akuti, "Ndiye agogo, Kamuzu sanali mfumu, koma nyumba yake ndi yachifumu, pamene mfumu yeniyeni ili ku Zambia?" Ndinati eya. Akuti, "Akuluakulu inu mumasokoneza." Bambo ake anafuna kumukalipira, ine ndinawaletsa. Ndamulonjeza kuti Mulungu akalola, mtedza ukagulika bwino, chaka chamawa mu Ogasiti ndidzapita naye ku Mkaika akaone yekha.

Alamu anga a pa bawo, ndikudziwa mukuwerenga. Yankhani pano pagulu, musadikire Lamlungu. Enanu nonse nenani maganizo anu, koma mwaulemu, zotukwana ndimafufuta.